Sitima Yobereka Inzace

Nkhani yathu ya lero iri ya sitima za pamadzi zimene nchito yao ndiyo kuolotsa anthu ndi magalimoto pa mtsinje, pa nyanja, kapena pakati pa mtunda ndi cilumba. Sitima yotere ikakalamba, kapena eni ace akaona kuti siwapindulira, kawirikawiri amaigulitsa kwa anthu a dziko lina lakutali. Pamenepo pamabuka funso lakuti, kodi idzafika bwanji kwa mwini wace watsopano? Ambiri a inu mudzayankha kuti, "Si sitima nanga? Iyende yokha pamadzi." Koma sikutero nthawi zonse. Sitima zambiri zoolotsa zimapita kutsidya zitaberekedwa pa msana pa sitima ina yaikulu, monga mwana pa msana pa amace. Tiyeni tione cifukwa cace, m'mene nchitoyo icitikira, ndi cimene tingaphunzirepo.

Coyamba tidziwe kuti sitima iri yonse imamangidwa molingana ndi madzi amene idzayendamo. Sitima yoolotsa amaimangira ulendo waufupi, wa ora limodzi kapena awiri, m'madzi ochingidwa ndi mtunda. Cifukwa ca ici matanki ace a mafuta ali aang'ono, pakuti amaithira mafuta pa doko kawirikawiri. Siingathe kuyenda masabata atatu osaona mtunda. Pansi pace sipalowa kwambiri m'madzi, kuti izitha kufika pa madoko osaya. Kutsogolo ndi kumbuyo iri ndi zitseko zazikulu zolowera magalimoto, ndipo bwalo loimikapo magalimotowo liri pafupi ndi madzi. Pa nyanja yaikulu ya mcere, kumene mafunde amakwera kuposa denga la nyumba, funde likathyola citseko madzi amasefukira pa bwalolo, nathamangira mbali imodzi, ndipo sitima imagubuduka. Ndiponso kalata ya boma yoiloleza kuyenda imachula madzi amene iyenera kuyendamo, ndipo a inshuwalansi sabvomera kulipira wamba ikatayika kunja kwa malire amenewo.

Njira ina ndiyo kuikoka ndi cingwe ca citsulo. Njirayi ndi yakale, ndipo anthu akali kuitsata, koma iri yocedwa ndi yoopsa. Sitima yokokedwa iribe mphamvu ya iyo yokha, ndipo cingwe cikaduka pa namondwe imangotengedwa ndi mphepo. Ndi zimene zinaoneka pa American Star, sitima yaikulu yakale yonyamula anthu, imene anali kuikoka kucokera ku Greece kunka ku Thailand. M'mwezi wa Januwale 1994 zingwe zinaduka, sitimayo inakatsakamira pa gombe la cilumba ca Fuerteventura, nithyoka pakati.

Njira yacitatu, ya kuphwasula sitima ndi kuinyamula zidutswazidutswa, aidziwa bwino anthu a ku Nyanja ya Malawi. Ilala yoyamba inafika m'caka ca 1875, zidutswa zace zitasenzedwa pamutu ndi amtengatenga kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Ilala yaciwiri inamangidwa pafupi ndi Glasgow m'caka ca 1949, niphwasulidwa, nidzera pa doko la Beira ndi pa njanje kufika ku Chipoka, niyamba nchito pa nyanja m'caka ca 1951. Sitima zimenezi zinamangidwa dala kuti ziphwasulidwe, pakuti panalibe njira ina yofikira ku nyanjako. Koma kudula sitima yokalamba ndi kuilumikizanso kumadya ndalama zoposa mtengo wa sitimayo. Tsono yatsala njira yacinai, ndiyo kuibereka yathunthu.

Sitima zobereka ziripo za mitundu iwiri. Za mtundu woyamba ziri ndi makina aatali onyamulira katundu, kawirikawiri awiri, amene amakweza katundu mmodzi pamodzi. Pa sitima zina makina amodzi amanyamula matani 1,000. Amalinyero amapisa malamba ocindikala pansi pa sitima yoolotsayo, naikweza m'mwamba madzi ali cucucu, naikhazika pa bwalo. Njirayi ikwanira sitima zazing'ono. Za mtundu waciwiri ndizo zodabwitsa, pakuti sizikweza katundu konse: zimamira dala, katundu nabwera woyandama pamwamba pao, kenaka zimabvuuka naye.

Kuti timvetse ici, tiganize za bwato. Bwato limayandama cifukwa limakankha madzi olemera mofanana ndi ilo lomwe pamodzi ndi katundu wace. Mukathiramo madzi limatsika. Mukakapa madziwo limakweranso. Sitima yobereka icita comweco, koma mwa muyeso. M'mimba mwace muli matanki ambiri, ndipo ali onse ali ndi mipope ndi zotsekera zace. Pakati pace pali bwalo lalitali, lotambalala, lopanda kanthu, limene tilichule kuti msana. Kutsogolo kuli nyumba yaitali yokhalamo woyendetsa ndi amalinyero, ndipo kumbuyo kuli nsanja zotsekeka bwino. Matanki akadzazidwa, msana wonse umalowa pansi pa madzi, kutsala nyumba ija ndi nsanjazo. Munthu woona ali pa gombe angayese kuti sitimayo yamira ndithu.

Nchito imayamba masabata ambiri tsiku lonyamula lisanafike. Akatswiri amatenga mapepala ojambulapo mamangidwe a sitima yokalambayo, nawerengera kulemera kwace ndi malo amene kulemerako kwatsamira. Amafunanso kudziwa pamene pali nthiti zace zacitsulo, pakuti sitima ikakhala m'madzi, madzi amaicirikiza ponseponse, koma ikakhala pouma kulemera kwace konse kumagwera pa malo ocepa. Mukaikhazika polakwika, pansi pace pamabonyoka. Cotero amayala mitanda ya matabwa pa msana pa sitima yobereka, yolinganizidwa ndi maonekedwe a pansi pa katunduyo, kuti nthiti iri yonse ipeze mtsamiro wace. Amaimikanso mizati yacitsulo yosonyeza pamene katunduyo adzaima.

Malo onyamulira ayenera kukhala akuya, kuti sitima yobereka isagunde pansi pomira, ndiponso odikha, opanda mafunde ndi mphepo yambiri. Tsikulo likafika amalowetsa madzi m'matanki kwa maora angapo. Kenaka sitima zazing'ono zokoka zimabweretsa sitima yokalamba ija pang'onopang'ono, ndipo zingwe zimaikokera kufikira itakhudza mizati. Anthu odziwa kumira amatsikira pansi kukaona ngati yalunjika pa mitanda. Zonse zikakhala bwino amayamba kucotsa madzi m'matanki, msana numakwera kufikira utakhudza katundu.

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Pa nthawi imene msana uli pansi pa madzi, cimene cigwira sitima yonse kuti isapendeke ndi nyumba ya kutsogolo ndi nsanja zija basi. Ndipo katundu akayamba kutuluka m'madzi, kulemera kwace kumasamukira pa msanapo. Madzi akacotsedwa mofulumira mbali imodzi, zonse ziwiri zingagwe pamodzi. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo woyang'anira matanki amacotsa madzi tanki ndi tanki, potsata ndondomeko yolembedwa kale. Kuti ngoziyi ndi yeniyeni tidziwa ndi zimene zinacitika pafupi ndi doko la Luanda ku Angola m'mwezi wa Disembala 2006. Sitima yobereka yochedwa Mighty Servant 3 inamira dala kuti itsitse nsanja yokumbira mafuta. Nsanjayo inacoka bwino, koma sitimayo inapitirira kumira kufikira inakhala pansi pa nyanja. Amalinyero onse anapulumuka, ndipo sitimayo anaibvuula m'caka ca 2007.

Msana ukauma, amisiri amaocherera zitsulo zocirikiza m'mbali zonse za katundu, kuti asasunthe pamene sitima iri kuyepa pa mafunde. Woyesa wotumidwa ndi a inshuwalansi akaona nabvomereza, ulendo umayamba. Woyendetsa amasankha njira yopewa anamondwe, ngakhale ikhale yotalikirapo. Pofika, nchito yonse ija imabwerezedwa cobwerera m'mbuyo: adula zitsulo, amiza msana, sitima yokalamba niyandama m'madzi acilendo.

Sitima zobereka zimanyamula zoposa sitima zoolotsa. M'caka ca 2000 Blue Marlin inabereka USS Cole, sitima ya nkhondo ya ku America imene inabooledwa ndi bomba pa doko la Aden, nikaitula kwao ku Mississippi. Ina yaikulu koposa ndi BOKA Vanguard, imene inayamba nchito m'caka ca 2013. M'litali mwace ndi mamita 275, msana wace ndi wotambalala mamita 70, ndipo ikhoza kunyamula matani oposa 100,000.

Tsopano timve za sitima zoolotsa zitatu za ku British Columbia, m'dziko la Canada, zochedwa PacifiCat Explorer, PacifiCat Discovery ndi PacifiCat Voyager. Boma la cigawoco linazimanga kuti ziziolotsa anthu mofulumira pakati pa mtunda wa Vancouver ndi mzinda wa Nanaimo, umene uli pa cilumba. Zinali za aluminiyamu, za matupi awiri monga mabwato awiri omangidwa pamodzi. Iri yonse inali ya mamita 122 m'litali, yonyamula anthu 1,000 ndi magalimoto 250. Poyamba anati zidzadya madola a ku Canada 210 miliyoni, koma potsiriza zinadya oposa 450 miliyoni. Yoyamba inalowa nchito m'caka ca 1999, ndipo mabvuto sanacedwe. Zinali kumwa mafuta ambiri. Zikathamanga, mafunde ao anali kuononga madoko aang'ono a m'mbali mwa gombe, kotero kuti zinayenera kucepetsa liwiro lomwelo limene anazimangira. Zipika za mitengo zoyandama, zimene ziri zambiri m'madzi a kumeneko, zinali kulowa m'makina okankha madzi. M'caka ca 2000 boma linaziika pa malonda, ndipo yacitatu sinanyamulepo anthu aulendo ndi kamodzi komwe.

M'caka ca 2003 zinagulitsidwa zonse zitatu pa mtengo wa madola pafupifupi 19 miliyoni, ndipo m'caka ca 2009 zinagulidwanso ndi kampani ya Abu Dhabi MAR ya ku Arabia. Popeza zinamangidwira ulendo wosakwana maora awiri, zinaberekedwa imodzi imodzi kunka tsidya lina la dziko lapansi. Zinafika ndithu. Koma patapita zaka zinaoneka zitaima pa doko la Alexandria ku Egypt, ndipo m'caka ca 2024 kunamveka kuti ziri pa malondanso. Sitima yobereka inatha kuzisamutsa, koma zirema za mamangidwe ao zinapita nazo limodzi.

Ku Canada kunatayika ndalama. Kwina kunatayika miyoyo. Sitima ina yaing'ono yochedwa Skagit inamangidwa m'caka ca 1989, ndipo inali kuolotsa anthu pakati pa mzinda wa Seattle ndi cilumba ca Vashon ku America, m'madzi ozingidwa ndi mtunda. Itapuma pa nchitoyo inagulitsidwa m'caka ca 2011 pamodzi ndi inzace yochedwa Kalama, ndipo zonse ziwiri zinatumizidwa ku Tanzania. Kumeneko Skagit inali kuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar, kumene mphepo ya pa nyanja yaikulu ya India imaomba kolimba m'miyezi ya cisanu. Pa 18 Julayi 2012, itanyamula anthu oposa muyeso wace, inakomana ndi mafunde aakulu, nigubuduka. Anthu oposa 100 anataya moyo.

Apa ndipo pagona phunziro la nkhani yathu. Mukaona sitima yoolotsa iri pa msana pa inzace, dziwani kuti iri kunyamulidwa cifukwa siingathe kulimbana yokha ndi nyanja yaikulu, ndipo kufooka kumeneko sikutha pa tsiku loitsitsa. Sitima yakale iri yochipa, ndipo maiko amene alibe ndalama zomangira yatsopano amapindula nayo. Zambiri zagwira nchito bwino zaka zoculuka m'madzi atsopano. Koma cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wogula ayenera kufunsa mafunso awa asanalipire: Kodi eni ace aigulitsiranji? Inamangidwira mafunde otani, ndipo a kwathu ali otani? Citsulo cace cadyeka motani ndi dzimbiri? Nanga zipangizo za injini yace zidzapezeka kuti? Boma nalo liyenera kuiyesa lokha lisanapereke kalata, ndi kuika pa doko anthu owerenga olowa. Ndipo inu aulendo, mukaona ciwerengero ca anthu colembedwa pa sitima, ndi kuona kuti khamu lolowa laciposa, muli ndi ufulu wa kutsala ndi kudikira ya mawa.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.