KUBWEZERA MPHAMVU INJINI YA LOLE YAKALE

Alimi a m'boma la Chadiza, kwa Mfumu Mlolo, kwa Mfumu Mwangala ndi kwa Mfumu Zingalume, adziwa bwino kuti kukolola sikutsiriza nchito. Cimanga, nsawa ndi thonje ziyenera kufika pamsika nthawi isanathe, ndipo lole ikafooka pa citunda, matumba agona panjira ndipo ndalama zithera pa petulo. Kawirikawiri lole yakale imafooka cifukwa ca kusasamalidwa. Apa tifotokoza m'mene mwini lole, kapena gulu la alimi logwirizana, angaibwezere mphamvu popanda kugula injini yatsopano.

Injini yace njotani?

Malole ambiri akale, monga Bedford a ku England ndi Chevrolet a ku America, ali ndi injini ya petulo ya masilinda 6 oima pa mzere umodzi. Chevrolet anayamba kupanga injini yotere m'caka ca 1929, ndipo Bedford wa mtundu wa TJ anatuluka m'caka ca 1958. M'silinda iriyonse mulowa mpweya wosanganiza ndi petulo, pisitoni iupanikiza, pulagi iuyatsa, ndipo utsi utuluka. Masilinda amayaka mosinthana motere: 1, 5, 3, 6, 2, 4, kuwerenga kuyambira kutsogolo kumene kuli radiyeta. Ali ngati ng'ombe zisanu ndi imodzi zokoka ngolo. Imodzi ikatsimphina, zisanu zotsalazo zikoka katundu yense pamodzi ndi inzao yodwalayo.

Dziwaninso kuti dziko lathu liri pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere. Mpweya wa kumtunda ngwopepuka, ndipo injini itaya magawo atatu pa 100 a mphamvu yace pa mamita 300 alionse. Tsono lole ya ku Chadiza yataya kale gawo limodzi mwa khumi isanasenze thumba. Cifukwa cace sitiyenera kutaya mphamvu yina mwa ulesi.

1. Yambani mwapeza silinda yodwala

Injini ikulira pang'onopang'ono, cotsani nthambo ya pulagi imodzi ndi pulayala ya zogwirira za mphira, ndipo cherani khutu. Kulira kukasintha, silindayo iri bwino. Kukapanda kusintha, silindayo sigwira nchito. Citani cimodzimodzi pa onse 6. Pambuyo pace pemphani makanika ayese kupanikiza kwa silinda iriyonse ndi geji. Ngati imodzi icepa kwambiri, athiremo supuni ya oilo nayesenso. Geji ikakwera, maringi a pisitoni atha. Ikapanda kukwera, mavavu ndiwo acucha.

2. Mpweya

Injini imamwa mpweya wocuruka koposa petulo. M'cilimwe fumbi la m'miseu yathu litseka sefa ya mpweya, ndipo injini ibanika ngati munthu wa cimfine. Malole akale ali ndi sefa ya mbale ya oilo. Tayani oilo wakudayo, tsukani mbale ndi waya wace ndi parafini, ndipo thirani oilo watsopano kufikira pa cizindikilo. M'nyengo yotuta mbeu yang'anani sefayi sabata iriyonse. Musayende opanda sefa iai, pakuti fumbi lidya masilinda monga mcenga udya khasu.

3. Moto

Masulani mapulagi ndi kuona maonekedwe ao. Pulagi yofiirira ngati fodya wouma ionetsa kuti zonse ziri bwino. Yakuda ndi mwaye ionetsa kuti petulo acuruka, yonyowa ndi oilo ionetsa kuti oilo alowa m'silinda, ndipo yoyera mbuu ionetsa kuti injini itentha. Mpata wa pulagi pa Chevrolet wakale ndi 0.035 ya inchi, ndiko kucepera pang'ono pa milimita imodzi. Mapointi a m'disitibyuta akapsa, ikani ena, ndipo mpata wao ukhale monga buku la lole linena. Masiku ano kuli kacipangizo ka magetsi kolowa m'malo mwa mapointi, kamene sikafuna kukonza kawirikawiri.

Moto uyenera kufika pa nthawi yace. Ukacedwa, lole ifooka ndi kutentha. Ukafulumira, mudzamva kugogoda ngati misomali m'citini pokwera phiri, ndipo kugogodako kubooza mapisitoni. Makanika atembenuze disitibyuta pang'ono pang'ono kufikira lole ikoke bwino popanda kugogoda.

4. Mavavu

Pakati pa vavu ndi cosindikiza cace payenera kukhala kampata kakang'ono. Kakakula injini icita phokoso ndi kupuma moperewera. Kakatha vavu sitsekeka ndipo ipsa. Nkhani iyi yakula masiku ano. Kale petulo anali ndi mtovu umene unali kucinjiriza pokhalira mavavu, koma popeza mtovu ndi poizoni kwa anthu, maiko a cigawo cino ca Africa anauleka. Pa lole yosenza katundu wolemera, pokhalira vavu ya utsi pamadyeka msanga ndipo kampata kaja katha. Yesani mipata kawirikawiri. Tsiku limene mudzatsegula mutu wa injini, ikitsani zokhalira za citsulo colimba kwa amisiri a makina.

5. Kabuleta

Anthu ambiri athamangira kabuleta poyamba, koma iyo ndiyo yotsiriza. Kabuleta siingaongole moto wolakwika kapena vavu yopsa. Zina zonse zikakhala bwino, itsukeni ndi kupemerera timabowo tace. Musapisemo waya, cifukwa bowo likakula petulo angopita cabe. Kuonjeza petulo sikuonjeza mphamvu, makamaka kuno kumtunda kumene mpweya ucepa. Utsi wakuda kumbuyo kwa lole ndi ndalama zanu zirikupsa.

6. Madzi ndi oilo

Madzi a pacitsime amasiya miyala m'macubu a radiyeta, tsono sungani madzi a mvula. Cotsani udzu ndi mankhusu kumaso kwa radiyeta, ndipo lamba wa fani akhale wokungika. Sinthani oilo pa nthawi yace; oilo wakale wa m'lole yina sayenera.

7. Katundu

Lole ya matani atatu isenza matumba 60 a makilogramu 50. Kuikapo 90 ndiko kupha injini, masipuling'i ndi mabuleki pa ulendo umodzi. Pokwera citunda sinthani giya injini isanayambe kubuula. Onaninso mpweya wa m'matayala, ndi kuti mabuleki sagwira okha poyenda.

Cenjezo

Musatsegule radiyeta yowira. Musalize injini m'nyumba yotseka, pakuti utsi wace upha mwakacetecete. Fodya ndi nyali zikhale kutali ndi petulo.

Nchito zonsezi zicitike m'mwezi wa April, mbeu zisanaume, kuti pofika nthawi yopita ku msika wa Food Reserve Agency kapena ku Chipata lole ikhale yokonzeka. Cimene simucidziwa funsani makanika wozolowera malole akale, pakuti safunsa anadya phula.