Mau a pa Galasi la Galimoto

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha tinaperekeza achinyamata a mpingo wathu ku Lifupa, m'kati mwa nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, kuti akaone mvuu za m'damu lija ndiponso, mwai ukalola, zina mwa njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde m'chaka cha 2022. Anyamata ndi atsikana anakwera lole ya mkulu wina wa mpingo, imene masiku ena onse imanyamula mabelo a fodya. Abusa ndi amai awiri a Chigwirizano anatsata pambuyo m'kagalimoto kakang'ono koyera, ndipo fumbi lonse limene lole ija inautsa linathera pa iwo. Pofika ku Lifupa kagalimoto kaja kanali kofiira ngati nyumba yozira ndi katondo.

Tikudya kamba wathu pamthunzi tinamva kuseka kumene kunaima magalimoto. Mnyamata wina wa m'kalasi anali atalemba ndi chala pa galasi lakumbuyo mau awiri okha: "Abusa, ndibatizeni." Abusa anafika, nawerenga, naseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "Mwana wanga, ife timangowaza, koma wochimwa uyu afunika kum'miza ndithu." Onse anaseka, kupatula mkulu mmodzi wachikulire amene anatembenuka nachokapo. Pambuyo pake anatiuza kuti ubatizo ndi sakramento, ndipo sayenera kutchulidwa pa zinthu zoseketsa. Kuyambira tsiku limenelo takhala tikuwerenga mau a pa magalimoto ndi maso ena, ndipo tifuna kuti makolo ndi ana a m'mipingo yathu alingalire nafe.

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Kasungu adziwa kuti magalimoto athu salankhula ndi huta yokha ai. Pa galasi la minibasi, pa thabwa lakumbuyo kwa lole, ngakhale pa kachikopa kotchinga matope ka njinga ya kabaza, pali mau. Ena ndi olembedwa ndi penti, ena ndi omata, ena ndi a chala pa fumbi, amene moyo wao utha ndi mvula yoyamba. Ochuluka ndi ongoseketsa, ndipo amene amatikondweretsa kwambiri ndi aja amene mwini galimoto adziseka nao yekha. Tinaona lole yokalamba ikukwera kamtunda movutika, utsi uli tolotolo, kumbuyo kwake atalemba kuti, "Pitani, tikupezani." Ina inati, "Musandiseke, inunso mudzakalamba." Pa minibasi ina imene chitseko chake anachimanga ndi chingwe cha mphira panali mau akuti, "Zangongole siziona manyazi." Wakabaza wina pa Kasungu boma analemba kuti, "Mafuta anga ndi nsima." Ndipo pa fumbi, mau amene sasowa mudzi uliwonse ndi aja akuti "Ndisambitseni," amene ana amawonjezera monga mwa nzeru zao: "Ndisambitseni, mawa ndi Sabata."

Sitiona choipa m'mau otere. Munthu amene wadzuka tambala woyamba, nakhala tsiku lonse pa chiwongolero pa msewu wa maenje, ngati apeza mphamvu ya kuseka umphawi wake ndi kuseketsako anzake, watichitira zabwino. Makolo athu anali ndi luso lomweli. Ankapatsa galu dzina lokhala ndi nkhani, kotero kuti poitana galuyo mnansi amene anawalakwira ankamva yekha. Amai ankaimba zodandaula zao pamtondo, mwamuna ali chikhalire pakhonde, osatha kuyankha. Galasi la galimoto langolowa m'malo mwa mtondo ndi dzina la galu. Kusiyana kwake ndi kwakuti nyimbo ya pamtondo inkathera m'mudzi, koma galimoto ipita kutali.

Achikulire akumbukira kuti kale sikunali chomwechi. Mabasi a United Transport Malawi ankayenda ndi dzina la kampani ndi la kumene akupita basi, ndipo pamene kampani ya Stagecoach inawatenga m'chaka cha 1989 mwambo unali womwewo. Mau anachuluka pamene anthu wamba anayamba kukhala ndi maminibasi ndi matola aoao, makamaka chitapita chaka cha 1994. Galimoto ya kampani ilibe mtima, koma ya munthu amene anagulitsa ng'ombe zake kapena fodya wa zaka zitatu kuti aigule ili ngati mwana wake, ndipo mwana amapatsidwa dzina.

Si ife tokha. Ku Ghana ndi ku Nigeria malole onyamula anthu akhala akulembedwa miyambi ndi mapemphero kwa zaka zambiri. Ku Kenya maminibasi ao, amene amawatcha matatu, anafika pojambulidwa thupi lonse, mpaka nduna yoona za mtengatenga, a John Michuki, inaika malamulo okhwima m'chaka cha 2004, olamula kuti pakhale mzere wachikasu, malamba a pampando ndi chipangizo choletsa liwiro. Zojambula zija zinazilala kwa zaka zingapo, koma zinabweranso pamene boma linafewetsa dzanja. Ku India malole ambiri amalembedwa kumbuyo mau opempha wotsatira kuti alize huta asanapitirire. Boma la chigawo cha Maharashtra linaletsa mauwo m'chaka cha 2015 poona kuti akuchulukitsa phokoso m'mizinda. Taonani, maboma athunthu akhala pansi kukambirana za mau a kumbuyo kwa lole. Tsono ife a mpingo tisayese kuti nkhaniyi ndi yachibwana.

Kuno ku chigwa cha fodya mau a pa fumbi nthawi zina amanyamula zolemera. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo, malole amandanda pa okushoni ya Chinkhoma kapena ya Kanengo, ena masiku angapo, ndipo fumbi la pa magalasi ao limasanduka bolodi la aliyense. Zaka zapitazo, kusanabwere lamulo la 2021 loletsa kulemba anthu ntchito mwa utenanti, tinaona galimoto yokongola ya mwini esiteti wina itaima pa sitolo, pa galasi lake wina atalemba kuti, "Bwana, galimotoyi ndi thukuta la yani?" Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. Onse ankadziwa moyo wa tenanti: amalandira chimanga, mchere ndi feteleza pa ngongole chaka chonse, iye ndi mkazi wake ndi ana ake nagwira ntchito kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa, ndipo pa tsiku lowerengera, ngongole ija ikachotsedwa, ena ankatsala opanda ngakhale ya basi yobwerera kwao ku Mulanje kapena ku Thyolo. Munthu wotere sangaime pamaso pa bwana wake ndi kufunsa funso limenelo. Chala ndi fumbi ndizo zinali pakamwa pake. Mwini galimoto uja anali wa mpingo, wokhala pa benchi la kutsogolo. Anapukuta mauwo ndi mpango wake msangamsanga. Ife tikhulupirira kuti akanachita bwino kuyamba wawawerenga kawiri, pakuti kalata ya Yakobo, mutu 5, ili ndi chenjezo loopsa kwa iwo amene amabweza malipiro a anthu owakololera m'minda.

Koma chala chomwecho chikhoza kupha. Tinena za mtsikana wina wa m'dera lathu lino, amene dzina lake sititchula. Anali Fomu 3, woimba kwaya. Anakana mnyamata wina amene anam'funsira, ndipo mnyamatayo ndi anzake, pofuna kubwezera, analemba dzina lake lonse pa galasi la lole ya fodya pamodzi ndi mau onyansa om'namizira. Dalaivala sanaone. Lole inachoka m'mamawa, inadutsa pa sukulu, pa msika ndi pa chigayo, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kwa amalume ake a mtsikanayo. Wina anajambulanso mauwo ndi foni natumizira anzake. Fumbi lija linachoka tsiku lachiwiri pamene lole inatsukidwa, koma mtsikanayo anakhala milungu itatu osapita ku sukulu, ndipo ku kwaya sanabwererenso. Anyamata aja atafunsidwa pa bwalo la akulu a mpingo anayankha kuti, "Timangocheza." Anyamata athu okondedwa, kucheza kumafuna kuti onse awiri aseke. Pamene mmodzi aseka wina akulira, dzina lake ndi umboni wonama, ndipo lamulo lachisanu ndi chinai munaliloweza m'kalasi.

Zoterezi sizichokera kumwamba. Anyamata amaphunzira kwa akulu. Tawerengani mau a penti pa maminibasi ena ndipo mudzaona kuti ambiri mwa oseketsawo amaseketsa ponyoza akazi: kuti mkazi ndi wokonda ndalama, kuti sakhulupirika, kuti afanana ndi chakuti. Mai amene walipira ndalama yake akwera galimoto yomutukwana, nakhala chete ndi mwana wake wamkazi pamiyendo, mwana amene wangophunzira kumene kuwerenga ndipo akutchula mokweza chilembo chilichonse chimene aona. Ena mwa eni magalimoto amenewa ndi akhristu anzathu, amene akazi ao amavala yunifolomu ya Chigwirizano. Tiwapempha kuti tsiku lina adzaime kumbuyo kwa minibasi yao pamodzi ndi amai a kunyumba, awerenge mauwo mokweza, aone ngati pakamwa padzawalola.

Palinso mau a mtundu wina amene ambiri a ife timawayesa abwino koposa, ndiwo otchula dzina la Mulungu. Maminibasi olembedwa ndime za m'Baibulo ndi maina a Ambuye ndi osawerengeka. Kumene kuli umboni woona tikondwera nako. Aisraeli analamulidwa pa Deuteronomo 6 kulemba malamulo a Mulungu pa mphuthu za nyumba zao ndi pa zipata zao. Koma tiyeni tinene zoona. Taona minibasi yolembedwa za chitetezo cha Mulungu itanyamula anthu anai pa mpando wa atatu, matayala atatha ngati chikhatho, dalaivala akupitirira lole pamalo pokhota. Taona kondakitala akukana kubweza chenji cha gogo pansi penipeni pa dzina la Yesu. Pamenepo dzinalo lasanduka chithumwa, chosasiyana ndi kanyanga kamene ena amabisa pansi pa mpando. Lamulo lachitatu, loletsa kutchula pachabe dzina la Yehova, silinena za otukwana okha. Ngati tiyesa mau awiriwa pa sikelo, aja a mnyamata wa ku Lifupa ndi awa a penti yokongola, ife tiona kuti achiwiriwa ndiwo anyoza zopatulika koposa.

Tiwonjeze kanthu kakang'ono ka nzeru wamba. Galasi analiika kuti dalaivala aone. Zomata zazikulu zodzaza galasi lakumbuyo, kapena zotsika mpaka pakati pa lakutsogolo, zimabisa wanjinga ndi mwana woloka msewu. Ndipo mau aatali a zilembo zing'onozing'ono amakoka wotsatira kuti ayandikire kufuna kuwerenga, ndiye wakutsogolo akaponda buleki mwadzidzidzi nthabwala ija ithera ku chipatala. Ana adziwenso kuti fumbi lathu lili ndi mchenga, ndipo kulemba pa penti ya galimoto ya mwini kumasiya zipsera zimene madzi sachotsa.

Nanga makolo tichitenji? Kuletsa kokha sikuthandiza, pakuti mwana ndi galasi la fumbi ali ngati mbuzi ndi chimanga. Ife kwathu tayamba kuwerenga mauwa pamodzi ndi ana tikakhala pa ulendo. Timawafunsa kuti akuseka yani pamenepa, mwini wake kapena munthu wina, ndipo ngati ndi wina, kodi iyeyo akanakhala pano akanaseka nafe? Mwana wa zaka khumi amayankha funso limeneli mosavuta, nthawi zina msanga kuposa atate ake. Aphunzitsi a Sande Sukulu ndi alangizi akhoza kuchita chimodzimodzi. Pa Yohane 8 tiwerenga kuti Ambuye wathu nayenso anawerama nalemba pansi ndi chala, tsiku limene anthu anam'bweretsera mkazi kuti am'ponye miyala. Mlembi sanatiuze chimene analemba. Anatiuza kuti oneneza aja anachoka mmodzimmodzi, kuyambira akulu, ndipo mkaziyo anapita kwao wamoyo.

Za mkulu uja amene anakhumudwa ku Lifupa, sitim'weruza. Iye anakula m'masiku amene munthu ankakhala zaka m'kalasi asanabatizidwe, ndipo mantha ake pa zinthu zopatulika ndi chuma chimene mbadwo uno ukusowa. Sitigwirizana naye kuti mnyamata uja anachimwa, koma tikondwera kuti analankhula. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka ndipo mvuu zitayamba kufwenthera m'damu, Abusa anaitana mnyamata uja nam'patsa ndowa ndi kansalu, nati popeza ndiye anaona kusowa kwa wochimwayo, ntchito ndi yake. Mlonda wa nkhalango anam'letsa kutunga m'damu chifukwa cha mvuu, ndipo anakatunga pa mpopi. Mkulu uja anaima pambali, manja kumbuyo, akuyang'anira ntchitoyo, namuonetsa ndi ndodo yake pamene panatsala fumbi. Pobwerera kagalimoto kaja kanatsogola, lole ili pambuyo.