Njinga ya batiri: liwiro likakula, ngozi ikulanso

Njinga ndiyo galimoto ya mlimi wa ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe. Malowa anakhazikitsidwa mu 1988 kuti acinyamata osowa nchito m'tauni apeze minda. Matimati, ndiwo zamasamba ndi makala zimacoka kumeneko kupita ku Chongwe ndi ku Lusaka kudzera mu mseu wa Great East. Tsopano kunja kuno kwabwera njinga zoyendera batiri, ndipo mabanja a m'makomboni amene ali ndi minda kapena abale kumeneko angakopeke kugula. Asanatulutse ndalama, ayenera kudziwa za liwiro lake ndi mtunda umene imayenda.

Njinga izi zili mitundu iwiri. Ku maiko a European Union, njinga ya batiri imawerengedwa ngati njinga wamba pokhapo ngati mota yake siipitirira mawati 250, ndiponso ngati ileka kuthandiza wopalasa liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Koma ziliko zina za mawati 1,000 kapena kuposa, zimene zimathamanga makilomita 45 mpaka 50 pa ola. Zotere ndi njinga dzina lokha. Kathamangidwe kake nka honda, pamene mabuleki ndi matayala a zambiri mwa izo ndi a njinga wamba.

Pa makilomita 25 pa ola, njinga imayenda mamita 7 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 50 imayenda mamita 14. Mwana kapena mbuzi ikadumphira mu mseu, wokwerayo amakhala atadutsa mtunda wonsewo asanagwire n'komwe buleki. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanai. Kugunda cinthu pa makilomita 25 pa ola kuli ngati kugwa kucokera pa denga la nyumba, mamita awiri ndi theka. Pa makilomita 50 kuli ngati kugwa kucokera pa mamita 10.

Liwiro limadyanso batiri, cifukwa mphepo imakankha kwambiri munthu wothamanga. Batiri ya mavoti 48 ndi maampu 10 ingayende makilomita 40 kapena 50 pa mseu wa tala ngati wokwera apalasa nayo pang'onopang'ono. Akathamangitsa osapalasa, mtundawo ungatsike kufika pa theka kapena kucepera. Katundu wolemera, zitunda, mcenga ndi matayala opanda mpweya wokwanira zimaucepetsanso. Kucoka ku Lusaka kufika ku Chongwe pali makilomita pafupifupi 45. Conco wothamanga angathe kutheredwa batiri pakati pa njira, nayamba kukankha njinga yolemera mu mdima, pambali pa malole opita ku Chipata. Wofatsa ndiye amafika kutali.

Cimene cimapha ambiri pa ngozi za njinga ndi kuvulala m'mutu. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa miseu caka ciliconse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, a pa njinga ndi a pa honda. Motero wokwera njinga yamphamvu ayenera kuvala cisoti colimba ca pa honda, comangidwa bwino pa cibwano. Usiku ayatse nyali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo avale covala cowala. Asakwere atamwa mowa. Makolo asapatse ana njinga yotere ngakhale kungowatuma pa msika.

Munthu akagwa, asamunyamule mwacisawawa kapena kumupotoza khosi. Ngati akomoka, asanza, awodzera, aiwala zimene zacitika, agwa khunyu, kapena atuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, apite naye msanga ku cipatala ca Chongwe, ca Levy Mwanawasa kapena ku UTH. Zizindikiro zina zimabwera patapita maola, conco amuyang'anire usiku wonse ngakhale akunena kuti ali bwino.

Batiri nayo ifuna cisamaliro, pakuti ikaonongeka ingathe kuyaka moto wovuta kuzima. Iyenera kuchajidwa ndi chaja yake yokha, kutali ndi mbaula, matilesi ndi khomo lotulukira. Asaisiye pa malaiti anthu ali m'tulo. Batiri yotupa, yong'aluka kapena yonunkha iikidwe panja ndipo isachajidwenso.