KACIPANGIZO KOFUFUZA KHANSA M'KADONTHO KA MAGAZI

Odwala matenda a shuga amakadziwa bwino kacipangizo kaja kamene anamwino amadonthezapo magazi a pa cala, manambala n'kuoneka nthawi yomweyo. Tsopano akatswiri a sayansi m'maiko ambiri ali kalikiliki kupanga kena kofanana nako, koma kofufuza khansa munthu asanayambe kumva kupweteka.

Nkhaniyi inayambira pa kanyongolotsi kotalika milimita imodzi cabe. M'caka ca 1993, Victor Ambros ndi Gary Ruvkun a ku America, pofufuza kakulidwe ka kanyongolotsika, anatulukira tizinthu tating'ono kwambiri timene timalamulira nchito za maselo, tizipinda tija timene timapanga thupi. Tizinthuti timachedwa microRNA, ndipo m'thupi la munthu tilimonso. Cifukwa ca nchito imeneyi, awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2024.

Mu 2002, Carlo Croce ndi George Calin anaona kuti mitundu iwiri ya microRNA imasowa m'maselo a odwala ambiri a mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Pofika mu 2008 zinadziwika kuti tizinthuti timatuluka m'zotupa n'kumayenda m'magazi, ndipo sitionongeka msanga. Motero cotupa cobisika m'kati mwa thupi cimasiya mapazi ake m'magazi, monga nyama isiya mapazi pa dambo.

Kacipangizo kotsata mapaziwo kali ndi kacingwe ka golide kapena ka kaboni kodutsamo mphamvu yocepa ya magetsi. Pamenepo akatswiri amamatapo tizidutswa ta DNA togwirizana ndi mtundu umodzi wokha wa microRNA, monga mano a zipi alumana ndi anzake a mbali inayo. Magazi akakhala ndi mtundu umenewo, tiwiriti timagwirana, mphamvu ya magetsi imasintha, ndipo kusinthako kumaoneka m'manambala.

Phindu lake kwa anthu a kumidzi ndi loonekeratu. Cipatala ca khansa ca Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007, cili ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Ambiri amafikako matenda atazika kale mizu. Kacipangizo kochipa, koyendera mabatire, kangathandize kuti wodwala adziwike msanga pa kiliniki ya kwao.

Komabe mabvuto alipo. M'kadontho ka magazi microRNA imakhala yocepa zedi, ndipo mitundu ina imafanana kwambiri. Mtundu wochedwa miR-21 umacuruka m'khansa zosiyanasiyana, ngakhalenso m'matenda ena osakhala khansa, kotero paokha sungaloze pamene pali bvuto. Ndiye cifukwa cace tizipangizoti tikali kuyesedwa m'nyumba zofufuzira, sitinafike m'makiliniki.

Podikira zimenezi, mabanja asakhale manja lende. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo ikantha amai ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iriyonse, komatu njira yoipimira iripo kale. Kuyambira mu 2006, anamwino akhala akupima amai popaka viniga pa khomo la ciberekero. Malo odwala amayera mbuu, ndipo kawirikawiri amacizidwa tsiku lomwelo. M'zipatala za Boma kupimaku n'kwaulere. Mu 2019 Boma linayambanso kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 14 m'dziko lonse.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Amai apite kukapimitsa akali amphamvu, abambo awaperekeze, ndipo makolo asakanize ana ao aakazi kulandira katemera.