Mkangano wa Angerezi ndi Apwitikizi pa Njira ya Shire

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi

 Masiku ena timakamba za mizere ndi manyowa, koma lero ndifuna kuyankha funso limene ambiri a inu mumandifunsa kumsika. Mumati, "Nanga bwanji feteleza ali wodula chotere, pamene fodya ndi thonje lathu sizitipatsa ndalama zambiri?" Mbali ina ya yankho iri m'mbiri yakale, ndipo iyambira pa mtsinje wa Shire.

Dziko lathu liribe doko pa nyanja ya mchere. Katundu aliyense wolowa kapena wotuluka ayenera kudzera pakhomo pa munthu wina. Azungu oyamba anaona msanga vuto limeneli. David Livingstone anakwera Shire nafika ku nyanja yathu m'chaka cha 1859. Amishoni a ku Scotland anamtsata: a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876. Mu 1878 inayamba kampani ya malonda imene anthu anaitcha Mandala, ndipo khofi anayamba kubzalidwa ku mapiri a Blantyre ndi Zomba.

Tsono taonani ulendo wa katundu wao. Sitima zinali kutsitsa katundu ku Quelimane, doko la Apwitikizi. Kuchokera uko anapita m'mabwato pa kamtsinje ka Kwakwa, nanyamulidwa pamtunda kufika ku Zambezi, nakwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Apo mathithi anatseka njira, ndipo amtengatenga anasenza akatundu pamutu kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope. Apwitikizi anali kulipiritsa msonkho ku Quelimane, ndipo akafuna anatha kuimitsa katundu. Mu 1888 anatsekereza zida zimene a Mandala anafuna pa nkhondo yao ndi Mlozi ku Karonga.

Apwitikizi anati dziko lonseli nlao, pakuti anakhala ku Sena ndi ku Tete zaka mazana atatu. Iwo anajambula mapu olumikiza Angola ndi Mozambique, kuyambira kumadzulo kufika kum'mawa. Koma Angerezi ena, monga Cecil Rhodes, anafuna njira yao yochokera ku Cape kumka kumpoto. Njira ziwirizi zinapingasana, ndipo dziko lathu linali pamphambano pake.

Chaka cha 1889 ndicho chinautsa moto. Mzungu wina, Daniel Rankin, anapeza kuti sitima zingathe kulowa m'Zambezi pa mathiriro a Chinde, osadzera ku Quelimane. Harry Johnston analowera pomwepo, nayendayenda kupangana mapangano ndi mafumu. Apwitikizi naonso anatumiza Serpa Pinto ndi asilikari ambiri kukwera Shire. John Buchanan, mlimi wa khofi wa ku Zomba amene anali kugwirizira nchito ya kazembe wa Angerezi, analengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire liri m'manja mwa Angerezi. Amakololo, otsogozedwa ndi Mlauri, anamenyana ndi asilikari a Serpa Pinto mu November, ndipo ambiri a iwo anaphedwa. Kumbukirani ichi: pa mkangano wa mbendera ziwiri za ku Ulaya, mwazi umene unakhetsedwa unali wa anthu a kuno.

Pa 11 January 1890 Boma la ku London, pansi pa Lord Salisbury, linalamula Apwitikizi kuchotsa asilikari ao msanga. Popeza analibe mphamvu zolimbana ndi Angerezi, anamvera, ngakhale anthu a ku Lisbon anakwiya kwambiri. Chaka chomwecho Angerezi anagwirizana ndi Ajeremani kuti kumpoto malire akhale mtsinje wa Songwe. Mu May 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino liri pansi pa chitetezo chao, ndipo pa 11 June 1891 anachita pangano ndi Apwitikizi. Mtsinje wa Ruo unakhala malire, Zambezi ndi Shire zinatsegulidwa kwa sitima za mitundu yonse, ndipo Angerezi anabwereka malo ku Chinde oikapo katundu.

Palibe mfumu ya kuno imene inakhala nao pa zokambiranazo. Ndicho chifukwa chake ku Dedza ndi ku Ntcheu malire anapita pakati pa abale, Angoni ndi Achewa ena nakhala tsidya la Mozambique. Inu mafumu, pamenepa pali phunziro. Makolo ena anaika chizindikiro pa mapepala amene sanathe kuwerenga, ndipo pambuyo pake anamva kuti malo apita. Pepala lirilonse la malo liwerengedwe poyera, pamaso pa anthu anu, musanadinde chala. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pangano lija silinathetse vuto la njira. Madzi a Shire atachepa, sitima zinayamba kutitimira mumchenga, ndipo kunafunika njanji. Inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, mu 1908. Mlatho waukulu wa pa Zambezi unatha mu 1935, nutilumikiza ndi Beira, ndipo njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njira ziwirizi m'zaka za m'ma 1980, katundu anazungulira kutali ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo mitengo ya zinthu inakwera m'midzi monse.

Nanga mlimi achitenji? Sitingathe kusuntha nyanja, koma dziwani kuti belo la fodya woipa lilipira ulendo chimodzimodzi ndi belo la fodya wabwino. Pa mbeu yonyozeka ulendo umadya phindu lonse. Pa mbeu yabwino umangodya pang'ono. Chotero sankhani bwino fodya wanu, tolani thonje loyera lopanda zinyalala, umitsani mtedza musanaike m'thumba. Ndiponso manyowa a m'khola ndi a kompositi sakwera sitima, salipira msonkho pa doko la munthu aliyense. Yambani kukumba maenje ake tsopano mvula isanagwe.