Nyimbo ya mwana woingitsa mbalame: Buku la Chimombo loyenera kumveka m'Chichewa

Papita zaka zoposa 20 chitulukireni buku la ana lotchedwa The Bird Boy's Song, lomwe adalemba malemu Steve Chimombo. Bukuli lidasindikizidwa mu 2002 ndi WASI Publications ya ku Zomba, ndipo ndi limodzi mwa mabuku ochepa a Amalawi amene angaikidwe m'gulu lomwe pa Chingerezi amati fantasy. Izi ndi nkhani zopeka zomwe zinthu zosatheka zimachitika poyera popanda wodabwa nazo: nyama zimayankhula, akufa amabwerera kudzathandiza amoyo, ndipo nyimbo imatha kuulula chimene anthu akubisa.

Makolo ambiri a m'tauni akamva za mabuku otere amaganiza za Harry Potter, nkhani ya J.K. Rowling yomwe idayamba kutuluka mu 1997 ndipo idamasuliridwa m'ziyankhulo zoposa 80. Koma Chimombo sadakabwereke chilichonse ku London. Iye adatenga nthano yodziwika bwino kuno kumudzi, ya mwana wamasiye ndi kapolo, n'kuilemba mwa luso la mabuku a masiku ano.

Nthanoyi imakambidwa mosiyanasiyana malinga ndi dera komanso mkamwa mwa woikamba, koma msana wake ndi umodzi. Mwana wa pabanja lolemekezeka makolo ake amwalira, ndipo anyamuka ulendo wopita kwa abale ake akutali omwe sakumudziwa nkhope. Womuperekeza ndi kapolo wa pakhomopo. Ali m'njira, kapolo uja alanda mwanayo zovala ndi zonse zomuzindikiritsa, kotero kuti pofika kumudziko anthu alandira kapolo ngati mbale wawo. Mwini ulemu uja amutumiza kumunda kukaingitsa mbalame. Kumundako, ali yekhayekha, mwanayo amaimba nyimbo yofotokoza chomwe iye ali ndi zimene zidamuchitikira. Aimba lero, aimba mawa, mpaka tsiku lina wina amva. Chinyengo chiululika, ndipo ufumu wa kapolo uja utha usadakhalitse.

Mphamvu ya nkhaniyi yagona pa kusowa mboni. Mwanayo alibe kalata, alibe wamkulu womuyankhulira, ndipo mawu ake akulimbana ndi a munthu wovala bwino kuposa iye. Akuluakulu a pamudzipo si anthu oipa mtima. Cholakwa chawo n'chakuti aweruza poona chovala, osafunsa mafunso. Choncho mwanayo watsala ndi chida chimodzi, chomwe ndi nyimbo, ndipo akuiimbira mbalame chifukwa anthu sakumumvera. Pamenepa mpomwe zodabwitsa za m'nthano zimagwira ntchito yake yeniyeni. Sizibwera kudzakometsera nkhani chabe, koma kudzapereka mawu kwa munthu amene dziko lamutseka pakamwa.

Mwana wa ku Mgona, Chinsapo kapena Area 23 safunika womutanthauzira zimenezi. M'makomboni a mu Lilongwe muli ana omwe adatengedwa kumudzi maliro atangotha, powalonjeza sukulu, koma lero ndiwo amalawirira pampopi, kulera makanda ndi kuyenda ndi beseni la mandasi pamene ana a eni nyumba ali m'kalasi. Alipo enanso omwe nyumba yomwe bambo awo adamanga ikukhalidwa ndi ena. Nkhani yolanda chuma cha masiye idakula mpaka mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, lomwe limati kulanda chumacho ndi mlandu. Lamulo lilipo, komabe mwana wa zaka 10 sapita yekha kukhoti. Chimene angathe ndi kudzizindikira m'nkhani, n'kudziwa kuti zomwe zikumuchitikira zili ndi dzina ndipo n'zolakwika. Mwana wa mwini nyumba naye akawerenga akhoza kuyamba kumuona mwa mtundu wina msuweni wake wogona pakhonde uja.

Komatu nthanoyi ili ndi minga yake, ndipo wounika buku moona mtima sayenera kuilambalala. Woipa m'nkhaniyi ndi kapolo. Nthano yakaleyo imatenga ngati chinthu chosafunsa kuti wobadwira muulemu ayenera kukhala muulemu, ndipo kapolo ayenera kubwerera pamalo pake. Dziko lino lidaona ukapolo ndi maso: m'zaka za m'ma 1800 anthu ankaoloka nyanja pa Nkhotakota, kwa Jumbe, atamangidwa, ndipo malondawo adathetsedwa m'zaka za m'ma 1890. Mwana wochenjera wa Sitandade 6 akhoza kufunsa kuti kodi kapolo ujanso sadali mwana wa munthu, wolandidwa dzina ndi kwawo. Funso lotere silichepetsa bukuli. Mphunzitsi kapena kholo lowerengera mwana nkhaniyi lingachite bwino kulilandira, chifukwa likuonetsa kuti mwanayo wamva za kupanda chilungamo mozama kuposa momwe nthanoyo idafunira.

Nthano yofanana nayo ilinso ku Ulaya. Abale awiri a ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm, adasindikiza mu 1815 nthano ya mwana wamkazi wa mfumu yemwe wantchito wake adamulanda malo ali paulendo, iye n'kusanduka woweta atsekwe. Mu 2003, patangotha chaka buku la Chimombo litatuluka, mlembi wa ku America Shannon Hale adailemba nthanoyo kukhala buku la achinyamata lotchedwa The Goose Girl, ndipo pambuyo pake adawonjezera mabuku ena atatu a dziko lomwelo. Alembi awiriwa adachita ntchito yofanana pafupifupi nthawi imodzi. Chosiyana n'chakuti wina adali ndi makampani osindikiza, masitolo a mabuku ndi malaibulale a sukulu omudikirira, pamene winayo adachita kusindikiza kudzera ku kampani yakeyake.

Pali chifukwa china chimene mabuku a zodabwitsa amavutira kulowa m'nyumba zambiri za m'dziko muno. Ku England, mwana wouluka pa tsache ndi sewero lomwe aliyense akudziwa kuti ndi bodza. Ku Kawale kapena Biwi, mphekesera yoti mwana wina amauluka usiku ikhoza kuthamangitsa agogo pamudzi, mwinanso kuwaphetsa. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, silidathetse mchitidwewu. N'chifukwa chake kholo lokayikira buku la matsenga siliyenera kusekedwa ngati losaphunzira. Mantha ake ali ndi pochokera.

Nthano ya makolo idapeza kale njira yozungulira vutoli. Wokamba akati "Padangotero," omvera n'kuvomera kuti "Tili tonse," aliyense pabwalopo amadziwa kuti alowa m'dziko lina, ndipo nthano ikatha atulukamo. Zodabwitsa za m'menemo siziloza chala mnansi. Palibe amene adachokapo pa nthano ya Kalulu n'kukagenda nyumba ya mayi wamasiye. Mlembi amene amanga buku lake pa maziko a nthano, monga adachitira Chimombo, amatengera limodzi chitetezo chimenechi. Ndi phunziro kwa olemba atsopano omwe amathamangira kudzaza nkhani zawo ndi afiti a m'mafilimu, osaganizira za mwana yemwe akagone m'nyumba momwe nkhani za ufiti si zopeka ayi.

Mwambo wa masamba a zolembalemba ndi wakuti buku likaunikidwa, mlembi wake afunsidwe mafunso. Kwa Chimombo mwayi umenewu udatha pa 11 Disembala 2015, tsiku lomwe adamwalira ali ndi zaka 70. Mayankho ake tsopano ali m'ntchito zomwe adasiya. Iye adabadwira ku Zomba mu 1945, adaphunzira ku University of Malawi kenaka ku Britain ndi ku Columbia University ya ku New York, ndipo adaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri ku Chancellor College. Ambiri amamudziwa ndi ndakatulo za Napolo, njoka ya pansi pa phiri yomwe anthu amati ikamasamuka imagumula nthaka ndi kusefukitsa mitsinje. Mu 1988 adatulutsa Malawian Oral Literature, buku la kafukufuku wa nthano ndi luso lina la pakamwa. Choncho pomwe ankalembera ana, adali munthu woti nthano adazisanthula kale ngati katswiri.

The Bird Boy's Song silidali buku lake loyamba la ana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adatulutsa Caves of Nazimbuli, Child of Clay komanso Operation Kalulu. Tisaiwalenso kuti Chimombo adali wa m'badwo wa Jack Mapanje, alembi omwe m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi ankabisa zomwe akufuna kunena m'zifanifani za nthano pozemba bungwe lounika mabuku lisadawalole kutuluka. Munthu wotere akasankha nkhani ya wolanda mpando wa mwini, n'kovuta kukhulupirira kuti adangoitola mwangozi. Ana amamvamo za mwana wamasiye, pomwe akuluakulu akhoza kumvamo zina.

Alembi a nkhani za zodabwitsa oti n'kufunsidwa mafunso alipo, ndipo ena ali mu Lilongwe momwemu. Shadreck Chikoti, yemwe adayambitsa Story Club, adapambana mphotho ya Peer Gynt mu 2013 ndi buku lake la Azotus the Kingdom, lokamba za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Iye adatsogoleranso ntchito ya Imagine Africa 500, buku la nkhani zifupizifupi za alembi a m'maiko angapo. Mlembi wa ku Canada Geoff Ryman adafika m'dziko muno kudzacheza ndi Chikoti, Muthi Nhlema, Ekari Mbvundula ndi ena pa ntchito yake yofunsa mafunso alembi 100 a mu Africa a nkhani zamtunduwu. Luso ndiye lilipo. Koma zambiri mwa zolemba za gululi n'za akuluakulu, ndiponso zili m'Chingerezi. Mtolankhani wokumana nawo lero angachite bwino kusiya kaye funso lotopetsa lija lakuti adayamba liti kulemba, n'kuwafunsa kuti mwana wa Sitandade 4 wa ku Area 25 amulembera liti, ndipo m'chiyankhulo chanji.

Apa mpomwe pali chofooka chachikulu cha buku la Chimombo, ngakhale si vuto la kalembedwe kake. Nthano yomwe idabadwira m'ziyankhulo za kuno idavekedwa Chingerezi. Izi zidathandiza kuti ifike kutali, popeza bukuli lidalowa m'gulu la mabuku omwe African Books Collective ya ku Oxford imagulitsa kunja. Koma mwana yemwe nkhaniyi ikumukhudza kwambiri ndi yemwe Chingerezi chimamuvuta. Sukulu ya pulaimale idakhala yaulere mu 1994, ndipo mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Mwana akaphunzira kulumikiza maphatikizo amafuna choti awerenge mosangalala, osati buku la m'kalasi lokha. Akachisowa, luso lija limachita dzimbiri.

Amene amati ana a masiku ano sakonda nkhani akayendere nyumba zoonetseramo mavidiyo za m'makomboni. Ana amadzaza pamabenchi kuonera mafilimu a ku China, India ndi America omwe anyamata aluso adawathira mawu a Chichewa, nthabwala ndi zining'a zili momwemo. Omasulirawa adazindikira msanga chimene osindikiza mabuku akuchedwa kuchiona: mwana amalipira kandalama kake kuti amve zodabwitsa, bola zikhale m'chiyankhulo chake. Ngakhale m'mabuku njirayi si yachilendo. John Gwengwe adalemba Sikusinja ndi Gwenembe m'Chichewa m'zaka za m'ma 1960, ndipo omwe adaliwerenga ali kusukulu amalikumbukirabe mpaka lero.

Zipangizo zoyambira ziliponso. Kuyambira mu 2012, National Library Service mogwirizana ndi Malawi National Commission for UNESCO, mothandizidwa ndi Rei Foundation komanso kampani ya Sony, idazungulira m'maboma kujambula okamba nthano, ndipo idasonkhanitsa nthano zoposa 200. Kenaka idayamba kuitana ana Loweruka kulikulu lake ku City Centre kuti adzamvere nthanozo. Nthambi yomweyi ndiyo imasindikiza timabuku ta ana ta Werengani. Vuto ndi mtunda. Mwana wa ku Chinsapo kapena Mgona kuti akafike ku City Centre pafunika ndalama ya minibasi yopita ndi yobwerera, kuphatikizapo wamkulu womuperekeza, zomwe banja lodalira ganyu silingaike patsogolo pa ufa.

Kumasulira The Bird Boy's Song kungafune chilolezo cha omwe akusunga umwini wa ntchito za Chimombo, womasulira wodziwa kuti nyimbo ya m'nthano imayenera kuimbika osati kungowerengeka, ndi wosindikiza wolola kugulitsa bukulo pamtengo woti sukulu ya boma ya ku Kawale ingagule makope okwanira kalasi imodzi. Bukulo si lalikulu, ndipo nthano yake anthu ankaikamba m'ziyankhulo za kuno Chimombo asadaike m'Chingerezi.