Mnzathu Akasoŵa pa Ntchito

Belu la m'maŵa likalira, ife aphunzitsi timayamba taŵerenga anzathu tisanaŵerenge ana. Mmodzi akasoŵa kalasi yake imasanduka msika, pakuti chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, si chachilendo kupeza ana oposa 100 m'chipinda chimodzi. Pamenepo mtima umafulumira kuweruza kuti, "Wayambanso kujomba."

Chaka china tinaweruza motero mayi wina wa Sitandade 3, amene ankasoŵa Lolemba lirilonse. Tinamnena kumbali, ndipo mphunzitsi wamkulu anatsala pang'ono kulembera kalata akuluakulu a maphunziro. Mwamwayi anayamba watuma mmodzi wa ife kunyumba kwa mayiyo. Kumeneko kunapezeka kuti amuna ake anali gone kwa miyezi, ndipo Lolemba ndilo linali tsiku loŵakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Iye anabisa zonsezi poopa kuchotsedwa ntchito, komanso poopa malilime athu. Manyazi anatigwira. Tinagaŵana maphunziro ake a tsikulo, wina Masamu, wina Chicheŵa, iye namatisiyira zokonzekera zake Lachisanu. Anawo sanatayenso tsiku, ndipo pamene amunawo anatisiya, mayiyo anabwerera kudzagwira ntchito pakati pa abale.

Sitikunena kuti aliyense wosoŵa ali pamavuto. Alipo ena amene matenda awo amayamba tsiku la malipiro. Oterewa ayenera kulembedwa m'kaundula ndi kuchenjezedwa, koma m'chipinda, osati pamaso pa ana. Komabe ngakhale iwo ayambe afunsidwa.

Lamulo nalo lili ndi mawu ake. Lamulo la Ntchito la Malaŵi la 2000 limati wantchito amene watha miyezi 12 pantchito, akadwala nabweretsa kalata ya dokotala, ayenera kupatsidwa tchuthi cha milungu yosachepera 4 pamalipiro athunthu ndi milungu 8 patheka la malipiro, pachaka. Mayi wobereka ali ndi milungu yosachepera 8 pamalipiro athunthu, kamodzi pazaka zitatu.

Inu makolo amene muli ndi mtsikana wolera ana kapena mlonda pakhomo, izi zikukhudzani. Taonapo mabanja akudula malipiro a wantchito chifukwa anachedwa masiku aŵiri kumaliro a mayi ake, eni akewo atatha mlungu wathunthu kumaliro a kwawo. Pomlola kupita, gwirizanani tsiku lobwerera, mumpatse ya basi, ndipo akabwera mum'pepese maliro musanam'sonyeze mbale zimene zaunjikana.